Mng'alu wa m'Vayolini ya Bambo Mandevu

Zaka zija msewu waukulu wopita ku Lusaka usanathilidwe phula, pamene lole ikadutsa pa Minga fumbi lake linkatsala likuyandama mpaka woyendetsayo atafika ku Nyimba, ine Daka ndinali nditangokwatila kumene kwa Kalindawalo, ndipo nchito yanga inali ya matabwa pa mishoni ya ku Minga komweko. Sendelani kuno kumthunzi, inu a kwaya, popeza mwandifunsa ngati n'zoona kuti manja okokotawa anagwilapo vayolini ya ku Falansa. N'zoona, ndipo sanangoigwila chabe, anaitsegula ngati mmene mumatsegulila dzungu.

Masiku amenewo tinalibe makina olila ngati amene ali pa msika lelo, oti thabwa likalowa uku litulukile uko litasalala kale. Mtengo wa mukwa tinkaucheka awili, wina pamwamba wina m'dzenje, utuchi ukugwela m'maso, ndipo munthu ukapala chitseko chimodzi mapewa ankadziwa kuti agwila nchito. Ndinkapanga mabenchi a m'tchalitchi, mabedi a kuchipatala ndi mabokosi a malilo. Koma khutu la nyimbo ndinalitenga kwa atate anga, amene ankasema kaligo. Ena mwa inu simunamuonepo kaligo: ndi kachipika kobooledwa, kokutidwa ndi chikopa cha ng'anzi, nsambo imodzi yokha, ndipo amakakhwekhweletsa ndi kauta. Atate akayamba kuimba pa mowa, ngakhale nkhalamba zodandaula msana zinkaiwala ndodo zawo.

Pa mishonipo panali wansembe wina wokalamba, Mfalansa, amene tinkamutcha Bambo Mandevu chifukwa ndevu zake zinkafika pa chifuwa. Chinsenga ankalankhula ndithu, koma chinkatulukila m'mphuno. Iwowa ndiwo anali ndi vayolini. Dzuwa likapendeka ankakhala pa khonde n'kuiika pansi pa chibwano, ndevu atazikankhila kumbali, ndipo ine ndinkaleka dala kukhoma misomali kuti ndimve. Inu mumadina batani pa kiyibodi n'kutuluka mawu a vayolini, koma ndikuuzeni, chimene mumamvacho ndi chithunzi chabe. Yeniyeniyo imapuma ngati munthu, ndipo ikalila umaimvela m'nthiti.

Tsono chaka china mvula yoyamba itagwa, Bambo ananyamuka pa mthuthuthu wawo kupita kukachita misa kwa Ndake, vayolini atamangilila kumbuyo, chifukwa anthu akumeneko ankaikonda. Pobwelela anapeza kamtsinje kadzaza, iwo n'kuyesa kuwoloka, mthuthuthu n'kutelela pa mwala. Munthu anatuluka ndi bondo lotupa chabe, koma chikwama cha vayolini chinamenyetseka n'kumila, mpaka anthu odutsa anachivuula. Tsoka silinunkha, ana anga.

Atachila bondo anabwela kopalila kwanga matabwa, atanyamula chinthu chokulungidwa m'bulangeti ngati mwana wodwala. Anachiika pa benchi n'kufunyulula. Khosi la vayolini linali litachoka, mimba yake, ndiye kuti thabwa lakutsogolo, itang'ambika kuchokela kumunsi, ndipo m'mbali munali mutayasama.

"ADaka," anatelo, "mundipangile kabokosi ka mukwa, koyenelana ndi ichi. Mukhome bwino kuti chiswe chisalowe. Ndikachiike pamwamba pa kabati."

Ine ndinati, "Bambo, mabokosi otelo ndimapangila anthu amene asiya kupuma. Ichi chathyoka chabe. Bwanji tiyese kuchilunzanitsa?"

Anapukusa mutu. "Iyayi. Amene anachipanga anamwalila kalekale, ndipo palibe dzanja lina limene linalowamo. Sindifuna kuchilakwila kawili."

Mawu akuti kawili amenewo anandikola. Ndinawakokela mpando, ndipo tsiku limenelo benchi ya tchalitchi inagona yosatha, chifukwa Bambo anandiuza za agogo awo aamuna, amene anapanga vayoliniyo.

Ati kwawo kunali tauni ina imene pafupifupi nyumba iliyonse inkapanga zoimbila zimenezi, monga mmene kuno mudzi wina umadziwikila ndi mbiya, wina ndi mphasa. Agogo awowo anapelekedwa kwa mmisili akali wamng'ono, ndipo kwa zaka sanaloledwe kukhudza thabwa labwino. Nchito yawo inali kunola zitsulo, kuphika ulimbo ndi kuyang'ana. Lelo mwana akagwila sowo mwezi umodzi amafuna kale chikwangwani cha dzina lake pa msewu, koma kumeneko mmisili ankayamba waphunzitsa maso, kenako khutu, manja pomaliza. Atakula ankakwela okha ku mapili nyengo yozizila, pamene madzi amauma gwa ngati mwala, kukasankha mitengo. Ankagogoda thunthu ndi msana wa nkhwangwa, khutu ataligunditsa pa khungwa, ndipo mtengo wosayankha bwino ankausiya. Mimba ya vayolini ankaisema ku mtengo wopepuka wofanana ndi paini, msana ndi khosi ku mtengo wolimba wa mizele ngati mafunde. Ndipo matabwawo sankawagwilitsa nchito chaka chimene awadula, ayi. Ankawaunjika kudenga kuti aume pang'onopang'ono, mwakuti amene iwo ankasema anali odulidwa ndi mphunzitsi wawo, ndipo amene iwo ankadula anali a mwana wawo.

Apa ndi pamene nkhani inawawa. Kunabwela nkhondo yaikulu, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, atate ake a Bambo Mandevu, anapita osabwelako. Asilikali amene anagona m'nyumbamo anatsitsa matabwa akudenga aja n'kuwotha moto. Nkhalamba inatsala ndi mdzukulu mmodzi ndi timatabwa towelengeka timene inabisa pansi pa bedi. Inayamba kusema vayolini ndi timatabwa timeneto, ikuuza mdzukuluyo kuti, iyi tiimaliza limodzi, ndipo zitsulo zonsezi n'zako.

"Koma ine mtima wanga unali kwina," anatelo Bambo. "Tsiku lina ndinaima pa khomo n'kuwauza kuti ndikupita ku seminale, ndikufuna unsembe, ndipo ndidzapita kutali. Ananditsekela chitseko, ndipo ndili panja ndinamva chinthu chikugwa mwamphamvu mkatimo. Kuyambila pamenepo sanandilankhulenso. Tinkadya pa tebulo limodzi ngati alendo. Tsiku lonyamuka anabwela ku sitima, anandipatsa vayolini iyi ili m'chikwama chake osanena kanthu, n'kutembenuka. Sindinawaonenso. Luso la banja lathu linathela pa ine, aDaka, ndipo lelo ndaswanso chomaliza chimene anapanga."

Mukuona, ana anga, ife tinkayesa kuti munthu wovala mkanjo alibe kwawo komulilitsa. Ine ndinangoti, "Bambo, ngakhale mtembo timausambitsa tisanauike m'bokosi. Muli matope umu. Ndiloleni ndichotse mimbayi kuti muume, chifukwa mukatsekela chinyontho mudzapeza nkhungu yokha."

Pa ichi anavomela. Anakatenga mpeni wopyapyala wa pa tebulo, tinautenthetsa pang'ono, ndipo ndinaulowetsa m'mbali muja munayasama, ndikuyendetsa pang'onopang'ono, ulimbo wakale ukuthetheka ngati chiwala chokazinga. Thukuta linkandigwela pa mphuno. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tsiku limenelo ndinadekha kuposa tsiku limene ndinakafunsila mbeta. Mimba ija itanyamuka ndinaitembenuza, ndipo ndinaona ukatswili umene sindinauonepo: thabwa losemedwa mokumbika ngati chikhatho, pakati lochindikala pang'ono, m'mbali lopyapyala loti ukaliloza ku dzuwa kuwala kumadutsa. Mkati mosaonedwa ndi munthu munali mosalala ngati kunja.

Koma chapambali, kutali ndi mng'alu watsopano uja, ndinaona timatabwa ting'onoting'ono ngati zikhadabo, tomatidwa motsatana pa mzele umodzi. Ndinati, "Bambo, mwati palibe amene anakonzapo ichi. Nanga izi n'zigamba za yani? Apa panang'ambikapo kale."

Anavala mandala awo n'kuwelama. Anatembenuza thabwalo, n'kulondola ndi chala kunja kwake, pamene panali kamzele kobisika pansi pa vanishi, kamene zaka zonsezo ankakayesa mzele wa mtengo. Anabwelelanso mkati. Tizigamba tija sitinali tofanana ngati nchito ina yonse. Tina tinali topendama, ndipo pa kamodzi tchizulo chinatelela n'kusiya bala. Anali manja a munthu wokalamba, ogwila nchito akunjenjemela.

Bambo anakhala pansi. "Chimene chinagwa tsiku lija ndi ichi," anatelo. "Anachiponya pansi chifukwa cha ine. Ndiye masiku onse aja osandilankhula, atadzitsekela, anali kuchita izi."

Ndevu zija zinanyowa, ndipo ine ndinatuluka kukayang'ana matabwa amene sankafuna kuyang'anidwa. Nditabwelela ndinawapeza akusisita tizigamba tija ndi chala. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ngati mwini wake anachikonza, ifenso tingathe. Bokosi lija lekani."

Apa ndiye panayambila nchito. Mutu umodzi susenza denga: iwo ankakumbukila zimene anaona ndi maso ali mwana, koma manja awo sankadziwa kugwila tchizulo, ine manja ndinali nawo, koma vayolini sindinkaidziwa. Choyamba chinali ulimbo. Ine ndinafuna kutenga wa mipando, iwo anakana, ati umafunika wa chikopa, umene umagwila zolimba koma ukautenthetsa umalola kuti wina adzatsegulenso mtsogolo. Mukumva nzelu imeneyo? Munthu akupanga chinthu, akuganizila kale mmisili wosabadwa amene adzachikonze. Lelo wailesi ikafa mumaitaya kudzala, chifukwa anaimata moti ukatsegula waswa.

Loweluka ndinapalasa njinga kupita kwa Kalindawalo nditamangilila zidutswa za chikopa cha ng'ombe. Malemu mkazi wanga Velonika ndiye anandithandiza. Tinapala ubweya, tinaviika m'madzi a phulusa, tinatsuka, ndipo iye anaziika m'mphika wakale pa moto wochepa, osalola kuti ziwile, kuyambila m'mawa mpaka nkhuku zitayamba kubwelela. Fungo lake, ana anga, agalu a mudzi wonse anabwela kudzatizonda. Ndipo paja ine ndinali mkamwini, nyengo ili yopalila. Apongozi anga aakazi sakanandilankhula maso ndi maso, mwambo sunkalola, koma anaima kuseli kwa nkhokwe n'kufuula kwa mwana wawo kuti ine ndimve.

"Velonika! Amuna a anzako ali kumunda ndi makasu, wako akuphika nsapato. Kodi chaka chino tidzadya nyimbo?"

Velonika anayankha osatembenuka, akutakasa mphika. "Amama, mizele yawo ndapalila kale ine dzulo. Asiyeni, akuchilitsa munthu."

Ine ndinali ndisanamuuze choncho. Ndinangomufotokozela za tizigamba tija, iye n'kumva yekha chimene chinali kuchitika. Mkazi ameneyo anali ndi makutu a mumtima. Mmawa mwake ndinalawila ndi khasu kuti apongozi aone msana wanga uli wowelama, ndipo nkhani inathela pomwepo.

Ulimbo uja utazizila unagwilana ngati phala la dzulo. Ku Minga tinkausungunula m'kachitini koika m'madzi otentha. Ndinalunzanitsa mng'alu watsopano, ndinasema tizigamba tanga kuchokela ku bokosi lakale la paini limene munabwela makandulo, n'kutimata motsatana monga anachitila mwini wake. Zopanila zoyenela tinalibe, choncho tinamanga ndi malegeni a chubu cha njinga, titaika nsalu pansi kuti vanishi asakalike. Khosi linativuta, linakana kukhala mowongoka, ndipo tinalichotsa n'kuyambanso. Bambo ankatsinzina diso limodzi n'kuyang'ana kuchokela kumutu ngati mlenje, akunena kuti, kumanzele pang'ono, aDaka, pang'ono chabe. Kuthamanga sikufika.

Zonse zitauma anamanga nsambo zatsopano zimene ankasunga, anapaka utomoni pa uta, n'kukoka. Ana anga, munamvapo mbuzi ya chimfine? Ndi mmene inalilila. Mawu ake anali opanda mimba, ongokanda m'makutu. Ine ndinati, "Bambo, ndakuonongelani."

Iwo anaigwedeza pafupi ndi khutu, anasuzumila pa limodzi la mabowo awili okhota aja a pamimba, kenako anadzimenya pamphumi. "Mzimu! Mulibe mzimu umu!"

Ine ndinabwelela m'mbuyo, chifukwa wansembe akayamba kunena za mizimu m'thabwa, munthu umayang'ana kumene kuli khomo. Anaseka mpaka kutsokomola. Ati m'kati mwa vayolini mumaima kamtengo kochepa ngati pensulo, kosamatidwa ndi ulimbo, kongopanikizika pakati pa mimba ndi msana, ndipo ndi kamene kamatenga kunjenjemela kwa kutsogolo n'kukupeleka kumbuyo. M'Chifalansa kamtengo kameneko amakatcha mzimu. Kathu kanali katapita ndi madzi a kamtsinje kaja, ndipo iwo anali ataiwala.

Ndinasema ka mukwa, mawu anatuluka olimba ngati munthu wolankhula atakukuta mano. Ndinayesa ka nsungwi, sikanathandize. Pomaliza ndinabwelela ku bokosi la makandulo lija. Koma kukalowetsa ndiye kunali nkhondo, chifukwa vayolini inali yotseka kale, ndipo njila inali kabowo kokhota kaja basi. Agogo aja ati anali ndi kachitsulo kake kapadela. Ine ndinazula sipoko pa wilo lakutha la njinga, ndinaipinda ngati khosi la kakowa, n'kuinola nsonga. Ndinkabaya kamtengo kaja, kulowetsa chogona, kenako kukaimitsa mkati mosaona bwino. Kanagwa kambilimbili, ndipo kakagwa tinkagwedeza vayolini mozondotsa mpaka katatuluka. Kataima, Bambo ankakoka uta, n'kunena kuti kasunthe; ine n'kukagogoda pang'ono ngati m'lifupi mwa njele ya mapila, iwo n'kukokanso. Ndipo nthawi ina, dzuwa lili pamutu, anakoka uta ndipo chipinda chonse chinadzaza. Utuchi wa pa benchi ndinauona ukunjenjemela. Amayi amene ankapita ku chipatala ndi ana kumsana anaima pa zenela.

Anaimba nyimbo ya kwawo yonse osatsegula maso. Atamaliza ndinafunsa kuti, "Kodi ndi mawu ake aja?"

Anaganiza kaye, chifukwa sanali munthu wonama. "Iyayi," anatelo. "Kale inkalankhula mopyapyala. Tsopano mawu ake atsika, ali ndi kamchenga pang'ono. Yaphunzila Chinsenga, aDaka, ndipo ikuchilankhula bwino kuposa ine."

Anaiimbanso zaka zingapo, kwa Ndake komwe anapita nayonso, koma kamtsinje kakadzaza ankadikila. Maso atayamba kuchita khungu, akuluakulu awo anawaitana kuti akapumule kwawo. Anafuna kundisiyila vayoliniyo, koma ine ndinakana. Ndinati kuno chiswe ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala zidzaimaliza, ndipo ine kuimba kwanga n'kwa kaligo. Ipite kumene kuli a magazi a mwini wake. Anati mlongo wawo ali ndi mdzukulu wamkazi amene akuphunzila kuimba. Choncho ndikamakhala pano ndimadziwa kuti kwinakwake ku Falansa kuli vayolini imene mkati mwake muli mizele iwili ya zigamba, wina wa nkhalamba ya kumeneko, wina wa Daka wa ku Petauke, ndipo mmisili amene adzaitsegule sadzachita manyazi ndi uliwonse.

Zaka zinapita, tinasamukila kuno ku Nyimba, ndipo mwana wanga woyamba, Yohane, anakula ali ndi manja abwino kuposa anga. Ndinali nditamusungila zitsulo zonse. Tsiku lina anaima pa khomo, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti, "Atate, matabwa sindiwafuna. Ndapeza malo ku Kitwe, ndikaphunzile kuyendetsa malole." Mkwiyo unandigwila, ndipo hamala inali m'dzanja langa. Koma ndinaiika pansi bwinobwino. Ndinati, "Khala apa, undiuze za malolewo." Tinacheza mpaka njala itatipeza. Sabata imeneyo ndinamupangila sutukesi ya mukwa, yolumikiza popanda msomali ngakhale umodzi, ndipo pomupatsa pa siteshoni ya basi ndinamuuza ndi pakamwa panga kuti, pita bwino mwana wanga, ndakondwela nawe. Mwana wa ng'ona sakulila dziwe limodzi. Nkhalamba ya ku Falansa ija inali mmisili woposa ine kutali, koma inabisa chikondi chake mkati mwa thabwa, ndipo mdzukulu wake anachipeza ndevu zitayela kale. Ine sindinafune kuti Yohane adikile choncho.

Tsono inu, ambili mwa inu mudzachoka kuno, wina ku Chipata, wina ku Lusaka, ndipo n'zabwino, pitani. Koma tsiku lonyamukalo, mayi kapena tate wanu akadzakupatsani kanthu ali chete, kaya ndi nshawa zomanga m'kansalu, kaya ndi mpando wosapaka utoto, musadzaone kuuma kwa nkhope yake n'kuganiza kuti wakutayani. Landilani ndi manja awili, ndipo ngati iye mawu amukanika, yambani ndinu kulankhula basi isananyamuke.